Boiler ikafa m'nyengo yachisanu muli ndi khanda m'nyumba

Nyumba zambiri ku Britain zimafunda ndi boiler ya gasi. Imatenthetsa madzi, madziwo n'kumayenda m'mapaipi kukafika m'ma radiator, zitsulo zofunditsa za pakhoma m'zipinda, ndipo kawirikawiri ndi yomweyonso imapereka madzi osamba. Ikangofa mu Disembala kapena Januwale, zonse ziwiri zimatha nthawi imodzi. Kwa ife amene tinakulira kumene chisanu chimangokhala cha Juni ndi Julayi, choti dzuwa likakwera chathawa, usiku woyamba wotere umaopsa ndithu, makamaka ngati m'nyumbamo muli khanda.

Mtima m'malo. Khanda lathanzi, lovala bwino ndiponso loyamwa bwino, limagona popanda vuto m'chipinda cha madigiri 16. Ngozi zambiri za usiku wotere zimachokera ku zimene makolo amachita chifukwa cha mantha: kuyatsa makala m'nyumba, kusiya uvuni uli chitsegukire, kukwirira mwana m'mabulangete anayi, kugona naye pa sofa. N'chifukwa chake malangizowa achedwa kwambiri pa zimenezo kusiyana ndi pa boiler yeniyeniyo.

Choyamba: nunkhizani, kenaka fufuzani zing'onozing'ono

Ngati mukumva fungo la gasi, musayatse kapena kuzimitsa getsi lililonse, musayatse machesi. Tsegulani mazenera, tsekani gasi pa chotsekera chomwe chili pambali pa mita ngati mungachifikire, tulukani ndi mwana, muimbe 0800 111 999 muli panja. Nambalayi ndi yaulere usana ndi usiku ku England, Scotland ndi Wales. Ku Northern Ireland ndi 0800 002 001.

Ngati kulibe fungo, fufuzani izi musanaimbire aliyense, chifukwa nthawi zambiri vuto limakhala laling'ono.

Yambani ndi mita. Ngati mumagula gasi wolipiriratu, mwina mayunitsi angotha. Mamita otere amakhala ndi ngongole yapangozi, yomwe amati emergency credit, ndipo mukaitenga kapena mukathira mayunitsi ena mita imafuna mudine batani kuti gasi ayambenso kuyenda. Yesani mbaula yanu yophikira ngati ili ya gasi: ikayaka, ndiye kuti gasi alipo. Kenaka magetsi. Boiler ya gasi siyaka popanda magetsi, choncho onani ngati switch ina pa bokosi la ma fuse yagwa. Ngati kwathima dera lonse, imbani 105, nambala yodziwitsira kuthima kwa magetsi. Onaninso thermostat ya pakhoma, kachipangizo kosankhira kutentha kwa m'nyumba, poti yambiri imayendera mabatire ang'onoang'ono, ndipo akatha boiler siilandira uthenga woti iyake.

Pamaso pa boiler pamakhala kamuvi kapena manambala osonyeza mphamvu ya madzi. Ikakhala yozizira, kamuviko kayenera kukhala pakati pa 1 ndi 1.5 bar. Kakatsika kwambiri pansi pa 1, boiler imadzitseka yokha. Madzi amawonjezeredwa ndi kapaipi ka pansi pake kotchedwa filling loop, ndipo buku la boiler yanu limafotokoza katsegulidwe kake. Ngati nyumba ndi ya lendi, funsani kaye alandilodi musanakagwire.

Chomwe chimapusitsa anthu ambiri kukazizira koopsa ndi paipi yapulasitiki, kawirikawiri yoyera, yomwe imachoka ku boiler n'kutulukira kunja kwa khoma kukathira madzi m'ngalande. Dzina lake ndi condensate pipe. Madzi akaundana m'menemo, boiler imamveka ngati ikuchucha kapena kubwata m'kati, kenaka imazima n'kuonetsa nambala ya vuto. Zimenezi zinachitikira nyumba zochuluka pa chisanu chija cha kumapeto kwa Febuluwale 2018 chomwe anachitcha Beast from the East. Mankhwala ake ndi osavuta: tengani madzi ofunda m'jagi, osati owira chifukwa angang'ambe pulasitikiyo, muthire pang'onopang'ono kunja kwa paipiyo, makamaka pokhota ndi kumapeto kwake. Mukamva timiyala ta madzi oundana tikugwa, bwererani m'nyumba mudine batani la reset pa boiler kuti iyambirenso. Samalani poponda, madzi omwe mwathirawo aundana pansi posachedwa. Ngati paipiyo ili pamwamba pofuna makwerero, isiyeni.

Dinani reset kamodzi kapena kawiri basi. Ikakana, lembani nambala ya vuto ija kapena muijambule pa foni. Chivundikiro cha boiler musachitsegule, ngakhale pabwere achimwene omwe amati amadziwa zamagetsi. Lamulo limalola okhawo amene ali m'kaundula wa Gas Safe Register kugwira ntchito ya gasi.

Chachiwiri: dziwitsani alandilodi, ndipo mulembe

Imbani foni kwa alandilodi kapena kwa ajenti awo nthawi yomweyo, kenaka mutumizenso uthenga wolemba, wa imelo kapena WhatsApp. Mawu a pakamwa amakanidwa. Mu uthengamo mutchule tsiku ndi ola lomwe boiler yafa, nambala ya vuto, msinkhu wa mwana, ndi madigiri omwe m'nyumba mwafika. Mupemphe zinthu ziwiri: tsiku lomwe mmisiri abwere, ndi ma hita amagetsi obwereka podikira.

Ambiri a ife timachita manyazi kukakamiza mwini nyumba, ena amaopa kuti chitupa chawo chokhalira m'dziko chingalowe m'nkhani. Kukonza zofunditsira nyumba ndi madzi otentha ndi udindo wa alandilodi. Ku England zili mu gawo 11 la Landlord and Tenant Act ya 1985, ku Scotland zili mu Repairing Standard, ndipo udindowu sutengera mtundu wa visa yanu. Amene amakhala m'nyumba imodzi ndi mwini wake ndiye ufulu wawo ndi wochepa, koma naonso apemphe hita. Okhala m'nyumba za khonsolo kapena za mabungwe obwereketsa nyumba otchedwa housing association ku England ali ndi chitetezo china: kuyambira pa 27 Okutobala 2025, lamulo lotchedwa Awaab's Law limafuna kuti vuto loika moyo pachiswe lifufuzidwe ndi kuchitidwapo kanthu pasanathe maola 24.

Alandilodi akamazengereza, imbirani khonsolo ya dera lanu mufunse a environmental health, nthambi yoona ngati nyumba zili zoyenera kukhalamo. A Shelter ndi a Citizens Advice amapereka uphungu waulere. Koma lendi musasiye kulipira ngakhale mwakwiya bwanji, chifukwa mukatero mlandu umakutembenukirani.

Chachitatu: sankhani chipinda chimodzi

Musalimbane ndi nyumba yonse. Sankhani chipinda chaching'ono, cha mazenera ochepa, makamaka cha kapeti, ndipo ngati chimalowa dzuwa masana ndi bwino kwambiri. Nonse musamukire m'menemo, pamodzi ndi kabedi ka mwana, matewera, zovala zosinthira, madzi akumwa ndi chaja, kuti chitseko chisamatsegukidwe pafupipafupi. Zitseko za zipinda zina zonse zikhale zotseka. Pindani thaulo mutseke mpata wa pansi pa chitseko. Kukangoyamba kuda, ndipo m'nyengoyi kumada cha m'ma 4 koloko madzulo, tsekani makatani. Ngati ndi opyapyala, kolekani bulangete kumbuyo kwake. Pansi popanda kapeti yalani mabulangete akale kapena makatoni.

Timipata ta mpweya tomwe anaboola dala pakhoma, makamaka m'chipinda chokhala ndi chipangizo cha gasi, musatitseke. Ndipo m'mawa tsegulani zenera kwa mphindi zochepa, mwana ali kuchipinda china, kuti chinyezi cha mpweya wa anthu chituluke. Mupukutenso madzi omwe ali pagalasi, apo ayi nkhungu iyamba kumera.

Gulani kachipangizo koyezera kutentha kwa chipinda ngati mulibe. Ndi kotsika mtengo, ndipo ndi komwe kamathetsa mkangano wa bambo ndi mayi woti kaya mwazizira kaya mwafunda. Muike pafupi ndi pomwe mwana amagona, osati pazenera kapena pafupi ndi hita. Akuluakulu a zaumoyo amalangiza madigiri 18 pa zipinda zomwe anthu amakhalamo, ndipo bungwe la Lullaby Trust, lolangiza za kagonedwe kotetezeka ka makanda, limati khanda ligone m'chipinda cha madigiri 16 mpaka 20.

Pa ma hita onse, yamagetsi yokhala ndi mafuta otsekeredwa m'kati, yooneka ngati radiator, ndiyo yabwino pamene pali mwana, chifukwa ilibe waya wofiira ndipo imasunga kutentha ikazima. Ya fani imafunditsa msanga koma si yoisiya mukugona. Hita iliyonse ikhale pansi posalala, mita imodzi kutali ndi makatani, bedi, sofa ndi kabedi ka mwana. Pulagi yake ilowe mu soketi ya pakhoma mwachindunji, osati pa extension yomwe ili kale ndi TV ndi machaja. Osayanikapo matewera kapena tizovala. Ngati mwana akukwawa kapena akuyenda, mutchinge hitayo kapena muiyatse pokhapokha maso anu ali pomwepo. Hita ya 2 kW imadya mayunitsi awiri pa ola ikamayaka mosalekeza, choncho amene ali pa mita yolipiriratu athirepo mayunitsi kusanade, ndipo asunge malisiti kuti adzawaonetse alandilodi.

Makala, uvuni ndi mbaula ya gasi: ayi ndithu

Kumudzi timaothera mbaula, ndipo munthu akhoza kunena kuti tinakula nayo osafa. Koma khitchini ya kumudzi ili ndi mipata padenga ndi pachitseko, pamene nyumba ya ku Leicester kapena Glasgow ili ndi mazenera a magalasi awiri omata bwino, ndipo inu mwangomaliza kutsekanso mipata yotsala ndi mathaulo. Makala oyaka m'nyumba yotere amatulutsa carbon monoxide, mpweya wopanda fungo, wopanda mtundu, womwe umalowa m'magazi n'kulanda malo a mpweya wabwino. Makala omwe akuoneka ngati azima amautulutsabe. Ngakhale kwathu ndi ku Joni mpweya umenewu umapha anthu omwe alowetsa mbaula kuchipinda chogona.

Choncho choothera nyama cha panja, kambaula ka gasi ka kumisasa ndi jenereta zisalowe m'nyumba, ngakhale pakhonde lotseka. Mbaula yophikira ndi uvuni ndi zophikira basi, osati zozisiya zikuyaka kuti zifunditse. Makandulo safunditsa chipinda, amangowonjezera ngozi ya moto.

Zizindikiro za mpweyawu ndi mutu, chizungulire, nseru, kufooka, kubanika ndi kusokonezeka maganizo. Chenjerani ngati nonse mwayamba kumva mutu nthawi imodzi, n'kumapeza bwino mukatuluka panja. Khanda silinena, limangofooka ndi kugona. Zikatero tulukani nonse, muimbe 0800 111 999, ndipo mwana akaonedwe ku chipatala. Wina akakomoka kapena akamavutika kupuma, imbani 999 kuti ambulansi ibwere. Kuyambira pa 1 Okutobala 2022 alandilodi ku England amayenera kuika alamu ya carbon monoxide m'chipinda chomwe muli boiler. Dinani batani lake mumve ngati ikulira.

Kuveka mwana, masana ndi usiku

Masana zinthu n'zosavuta. Muvekeni zovala zopyapyala zingapo zosanjikiza m'malo mwa chimodzi chokhuthala: kavesiti ka m'kati, chovala chofika kumapazi, kajuzi pamwamba. Muyezo wosavuta ndi woti avale chimodzi choposa zomwe inu mwavala n'kumamva bwino. Ndipo chofunditsa chabwino koposa ndi thupi lanu. Njira ija ya kangaroo yomwe anamwino kwathu amaphunzitsa amayi a ana obadwa masiku asanakwane imagwiranso ntchito pano: mwana ali ndi thewera lokha, pachifuwa panu khungu kukhungu, chitenje chomanga bwino, juzi lanu pamwamba. Abambo naonso angathe. Nkhope ya mwana izioneka nthawi zonse, mphuno ndi pakamwa zisatsekeke, chibwano chisagwere pachifuwa chake. Mukamva tulo, mutsitseni mumugoneke pakabedi kake.

Usiku ndi pomwe chizolowezi chathu chimatisokeretsa. Mukangouza agogo ake pa foni kuti m'nyumba mwazizira, ayankha kuti "mufunditseni mwanayo, mumuveke chipewa, mugone naye pakati." Amanena mwachikondi, koma kutentha kwambiri ndi kuphimbika kumutu ndi zina mwa zinthu zomwe zimachulukitsa ngozi ya imfa yadzidzidzi ya makanda ali mtulo. Khanda limatulutsa kutentha kopitirira kudzera m'mutu, ndiye chipewa chichoke akamagona m'nyumba.

Mugonekeni chagada, pakabedi kakekake, m'chipinda chomwe inu mukugona. Ngati muli ndi thumba logonamo makanda la 2.5 tog (tog ndi muyezo wa kufunda kwake), limakwanira pa madigiri 16 mpaka 20 atavala kavesiti ndi chovala chogonera. Chipinda chikatsika pansi pa 16, wonjezerani chovala chimodzi chopyapyala pathupi pake. Ngati mukugwiritsa ntchito mabulangete, akhale opepuka, mapazi a mwana afike kumapeto kwa kabedi, bulangete lilekeze m'mapewa, ndipo m'mbali mulipisire pansi pa matiresi kuti lisakwere kumaso. Kumbukirani kuti bulangete lopinda pawiri ndi mabulangete awiri. Duveti, pilo ndi mabulangete aja olemera aubweya omwe timapatsana pa mphatso si a mwana wosakwana chaka. Botolo la madzi otentha ndi bulangete lamagetsi zisayandikire khanda.

Pofuna kudziwa ngati wafunda, musadalire manja ndi mapazi, chifukwa amakhala ozizirirapo ngakhale mwana ali bwinobwino. Lowetsani zala ziwiri kuseri kwa khosi kapena pachifuwa. Pakakhala pofunda ndi pouma, zili bwino. Pakakhala thukuta kapena potentha, chotsani chovala chimodzi. Pakakhala pozizira, munyamuleni pachifuwa panu, mumuyamwitse, muwonjezere chovala.

Pa sofa kapena pampando musagone naye ngakhale pang'ono. Pamenepo ndiye poopsa kuposa pena paliponse, ndipo usiku wozizira umakopa kuti nonse muunjikane pa sofa pafupi ndi hita. Kugona naye pabedi lalikulu n'koopsanso ngati wina wa inu amasuta, wamwa mowa kapena mankhwala ogonetsa, kapena ngati mwanayo anabadwa masiku asanakwane kapena wosakwana makilogalamu 2.5. Ngati zonsezi palibe ndipo mwasankha kugona naye, duveti ndi mapilo anu zikhale kutali naye, ndipo pasakhale ana ena pabedipo.

Mwana wa zaka ziwiri kapena zitatu ndi nkhani ina. Iyeyo masokosi, zovala zogonera zosanjikiza ndi duveti yake zili bwino. Mukhoza kumufunditsira bedi ndi botolo la madzi otentha, koma mulichotse asanalowe. Botololo muthire madzi omwe aphwa pang'ono, osati owira, osadzaza, ndipo ngati mphira wake wayamba kung'aluka litayeni.

Kudya ndi kusamba

Woyamwa ayamwe pafupipafupi, chifukwa thupi limafuna chakudya kuti lidzifunditse. Mayi nayenso adye zotentha ndi kumwa zokwanira. Wa mkaka wa m'chitini, madzi ake akhale owiritsa ndipo pothira ufawo akhale asanatsike pansi pa madigiri 70, kutanthauza kuti asapitirire mphindi 30 chiwirireni. Fulasiki yodzaza madzi owira imathandiza usiku kuti musamapite kukhitchini yozizira. Ana okulirapo apatseni phala, supu, tiyi wa mkaka wofunda. Makapu otentha akhale kutali ndi khanda, popeza tsopano nonse mwapanikizana m'chipinda chimodzi.

Kusambitsa khanda tsiku ndi tsiku kuyambe kwaima. Madzi ofunda a m'ketulo osakaniza ndi ozizira m'kabeseni, kansalu, mupukute nkhope, khosi, manja ndi kumatako, mbali imodzi imodzi, kwina kuli kofunda. Thewera lonyowa lisinthidwe msanga poti limaziziritsa. Ngati shawa yanu ndi yamagetsi, igwirabe ntchito, ndipo nyumba zokhala ndi thanki ya madzi otentha nthawi zambiri zimakhala ndi switch ya immersion heater, chotenthetsera madzi chamagetsi, pafupi ndi thankiyo.

Pamene muyenera kuchoka, ndi pamene muyenera kuimba

Ngati ndi hita yomwe chipinda chikukanabe kufika madigiri 16, kapena magetsi naonso palibe, kapena mwana ndi wa masabata ochepa, wobadwa masiku asanakwane kapena wodwala, musalimbe mtima. Kagoneni kwa abale, kwa anzanu a kumpingo kapena a kuntchito. Kupempha malo a usiku umodzi chifukwa cha mwana si chamanyazi. Nyamulani pogonera pake, asakagone pa sofa ya eni nyumba. Masana laibulale, malo a ana a khonsolo ndi matchalitchi ambiri amakhala ofunda ndi aulere, ndipo makhonsolo amalemba pa intaneti malo omwe amawatcha warm spaces. M'galimoto muvuleni jekete lokhuthala musanamumange malamba, mumufunditse bulangete pamwamba pa malambawo. Pochoka, dziwani pomwe pali chotsekera madzi a nyumba yonse, kawirikawiri pansi pa sinki ya kukhitchini, ndipo ngati muchoke masiku angapo kunja kukuundana, chitsekeni kuti paipi ikaphulika musadzapeze dziwe.

Khanda lomwe lazizidwa moopsa sililira kwambiri ayi. Limakhala chete modabwitsa, lolefuka, latulo, lokana bere, ndipo chifuwa ndi msana zimazizira mukazigwira, ngakhale nkhope ikuoneka yabwinobwino. Kutentha kwa thupi la mwana kumakhala pafupifupi madigiri 36.4. Mukayeza kukhwapa n'kupeza pansi pa 36, imbani 111, nambala ya uphungu wa zachipatala. Pansi pa 35, kapena ngati akuvuta kudzutsa, imbani 999. Podikira ambulansi muikeni pachifuwa panu khungu kukhungu, mufunde nonse awiri, apa ndiye mumuveke ndi chipewa chomwe. Osamuika m'madzi otentha, osamuyandikiza pa hita, osamutikita manja ndi miyendo.

Mmisiri akabwera

Mupempheni khadi lake la Gas Safe. Kutsogolo kuli chithunzi ndi tsiku lothera, kumbuyo kuli mndandanda wa ntchito zomwe amaloledwa kugwira, ndipo muone kuti ma boiler alipo. Asanachoke, mupempheni akuonetseni filling loop ndi condensate pipe, ndipo ngati paipiyo ndiyo inaundana, alandilodi aikulunge ndi chofunda cha mapaipi kapena aisinthe. Funsaninso pepala la kuyendera gasi, lomwe alandilodi amayenera kukupatsani chaka chilichonse.

Tsiku lomwelo imbirani kampani yomwe imakugulitsani gasi ndi magetsi muwauze akulembeni pa Priority Services Register. Ndi zaulere, ndipo banja lokhala ndi mwana wosakwana zaka 5 kapena mayi woyembekezera limaloledwa. Sakonza boiler, koma gasi kapena magetsi akadzathima m'dera lanu mudzakhala m'gulu loyamba kudziwitsidwa ndi kuthandizidwa. Ngati gasi ndi magetsi mumagula ku makampani awiri osiyana, lembetsani konse kuwiri, ndipo mukadzasintha kampani mudzalembetsenso.